Tai Chi Kuseri kwa Mpanda wa Ba Chanda

Amai ndi abambo, moni nonse. Atsogoleri andipatsa mphindi khumi ndi zisanu, ndipo amene amandidziwa ayamba kale kuseka. Dzina langa ndine Esnati, koma ambiri amanditcha amake Taonga. Ndimakhala ku Chelstone. Makolo anga anachokera ku Katete kalekale, ine ndinabadwira mu Lusaka muno. Ndakwera mabasi awiri kuti ndifike kuno ku Kabwata, choncho mundilole ndinene zonse, ndi zochititsa manyazi zomwe.

Ndikuona ena mwakhala kumbuyo, mwapinda manja, mumtima mukuti mzimai wa duku loyera uyu angadziwe chiyani za mowa. Ndimaudziwa bwino. Zaka zinayi ndinali chidakwa, chidakwa chaukhondo, cha yunifomu ya chigwirizano yosita bwino Lachinayi lililonse.

Ndinagwira ntchito ya ulembi mu ofesi ya boma m'tauni zaka makumi atatu. Chaka chimene ndinapuma pa ntchito ndi chomwenso bambo ake a Taonga anamwalira. Maliro atatha, abale anabwerera kwawo, Taonga anabwerera ku ntchito yake, ine ndinatsala ndi nyumba ya zipinda zitatu ndi wailesi. Munthu amene ndinazolowera kuthamangira basi m'mamawa ndinayamba kudzuka osadziwa kuti ndadzukiranji. Mnzanga wina wa ku ntchito anandibweretsera botolo la waini, nati kapu imodzi imathandiza tulo. Inathandizadi. Mwezi usanathe kapu inasanduka ziwiri. Chaka chisanathe waini ndinayamba kumuona ngati madzi a shuga, ndinasamukira ku tumabotolo ta mowa waukali tija mukutidziwa.

Kubisa ndinkakudziwa. Sindinkagula pa msika wa Chelstone chifukwa kumeneko aliyense ndi mboni. Ndinkakwera basi mpaka ku Emmasdale, kumene kunalibe wondidziwa, n'kuuza wogulitsa kuti ndi za alendo. Ndikafika kunyumba ndinkathira mu fulasiki ya tiyi. Fulasiki imeneyo inalowa nane m'tchalitchi, inapita nane kumaliro, inapita nane kukaona odwala. M'chikwama simunkasowa maswiti onunkhira. Anzanga ankati, "Amake Taonga amakonda tiyi." Ine n'kumavomera.

Tsiku limene zonse zinaonekera linali la kicheni pati ya Taonga, mwana wanga mmodzi yekhayo. Abambo amene simulowa kumeneko, umenewu ndi mwambo wa amai okhaokha ukwati usanachitike. Tinachitira mu holo ina ku Woodlands. Ng'oma zikulira, alangizi atavala zitenje zofanana, mphatso zitadzaza tebulo lalitali. Taonga anali atakhala pansi, mutu woweramitsa monga mwa mwambo. Mmawa umenewo ndinali ndi mantha, ndiye ndinamwa kuti mantha achoke. Masana ndinamwanso kuti za mmawa zisaonekere.

Nthawi ya amake a mkwatibwi itakwana, anandipatsa maikolofoni. Ndinayang'ana asewere anga, amake a mkamwini wanga, mai wodekha wa ku Roma, dera la mu Lusaka momwemuno, amene sanandilakwirepo kanthu, n'kunena pamaso pa amai onsewo kuti mwana wanga ali ndi madigiri awiri koma akukwatiwa ndi munthu wogulitsa matayala. Ng'oma zinaleka. Ine ndinaganiza kuti zaleka kuti ndivine bwino. Ndinazungulira kamodzi, mwendo unakana, ndinagwera pa tebulo la mphatso. Mbale zadothi zimene asewere anagula zinasweka zonse. Chikwama changa chinatseguka, fulasiki inagubuduka mpaka pamapazi a alangizi, chivundikiro n'kuchoka. Fungo linafika mpaka kukhomo.

Ndili chigonere pansipo ndinaona nkhope ya Taonga. Mwambo sunamulole kudzuka kapena kuyankhula. Anangokhala chiweramire, misozi ikugwera pa chitenje.

Ukwati unachitika, koma anandikhazika pakona ndi munthu wondiyang'anira. Patapita chaka Taonga anabereka mwana wamkazi. Ndinapita kukamuona nditanyamula tizovala. Nditatambasula manja kuti ndimulandire, Taonga anamukumbatira kwambiri.

"Amama, taonani manja anu," anatero motsitsa mawu. "Akunjenjemera. Ndimakukondani, koma mwana wanga simumunyamula."

Mukuganiza kuti ndinasiya tsiku limenelo? Ayi. Ndinakwera basi ya ku Emmasdale.

Tsopano ndikuuzeni za Ba Chanda. Ba Chanda ndi mai wachibemba amene ankachita lendi kanyumba kuseri kwa mpanda wanga. Ankaphikira banja lina la anthu a ku China ku Kabulonga. Ine ndi zaka zanga za mu ofesi ndinkawaona ngati munthu wapansi, moni wanga unali wa pamwamba pa mapewa. Mmawa uliwonse asanapite ku ntchito ankaima pabwalo pawo n'kumayendetsa manja pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda m'madzi akuya. Mphekesera yoti Ba Chanda analowa za satana inafalikira mumsewu wathu wonse, ndipo lero ndikuvomera pamaso panu kuti anaiyambitsa ndine.

Mabotolo anga sindinkawataya mu bini poopa anthu otola zinyalala. Ndinkawaunjika m'thumba kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda, pamalo pamene njerwa ziwiri zapamwamba zinagwa. Mmawa wina wa mu Juni, kukuzizira, mutu ukuwawa, m'kamwa mukuwawa, ndinapita kukaikamo botolo lina. Nditawerama n'kuweramuka, maso anga anapita pa mpata uja. Ba Chanda anali ataima ndi mwendo umodzi. Mai wamkulu kuposa ine, wa imvi, ataima ndi mwendo umodzi osagwedezeka, manja akukwera ngati akunyamula chinthu chopepuka. Nkhope yawo inali phee. Ndinaima pamenepo nditagwira khoma ndi manja onse awiri, chifukwa ine ndi miyendo iwiri sindinkatha kuima wopanda chogwira. Ndinachita nsanje. Sinali nsanje ya nyumba kapena ya zovala. Ndinasirira munthu woima chilili.

Osatembenuka n'komwe, Ba Chanda anati, "Amake Taonga, khosi izakubabani. Bwelani mungene pa geti."

Ndinafuna kuthawa. Koma miyendo inandinyamula, ndinazungulira, n'kulowa pa geti pawo ndi chitenje chogonera ndi masilipasi.

"Muli shani?" anandifunsa.

"Ndili bwino," ndinanama.

"Chabwino. Imililani apa. Mapazi patali pang'ono, monga mapewa yanu. Pindani makokola pang'ono." Ankatanthauza maondo. "Manja pamimba. Osachita chilichonse, ni kupema chabe."

Kupema ndi kupuma mpweya, kwa amene Chibemba chinakudutsani. Ndinaima. Anati ndikoke mpweya ndi mphuno mpaka mimba ikankhe manja, kenako ndiutulutse pang'onopang'ono. Sindinafike ngakhale kasanu. Maondo anayamba kugundana, manja akuvina okha, thukuta likutsika mu chisanu chimenecho. Kenako kulira kunabwera, kulira kumene sindinalire pa maliro a amuna anga. Ba Chanda sanandikumbatire, sanandiuze kuti nditonthole. Anangoika dzanja lawo pamsana panga kuti ndisagwe, nati, "Pitilizani. Mungalile uku mupema."

Nditakhala pa mpando ndinati, "Ba Chanda, ine ndimamwa mowa."

"Niziba," anatero. "Saka yanu imalila mumawa uliwonse."

"Nanga bwanji simunauze anthu? Ine ndinakunenerani zoipa."

"Na zimenezo niziba." Anaseka mpaka kutsokomola. "Satana wa bwanji wamene amauka faifi koloko kupema mphepo? Bwelani mailo. Olo mwamwa, bwelani."

Mawa lake ndinapita, nditamwa. Mkuja ndinapitanso.

Anandiuza kumene anaziphunzira. Kunyumba ya ku Kabulonga kuja kunabwera amake a bwana wawo, nkhalamba yaing'ono yosadziwa Chingelezi ngakhale liwu limodzi. Ba Chanda nthawi imeneyo ankavutika ndi msana chifukwa choima pa chitofu tsiku lonse. Nkhalambayo inawakokera pa kapinga, n'kuyamba kuwaphunzitsa ndi manja okha, kuwatsitsa mapewa, kuwakankha chiuno, kuwamenya pang'ono pa bondo likapita patsogolo kwambiri. Anakhala choncho zaka zitatu osamvana chinenero. Zopuma mpweya ndi kubwereza kayendedwe kamodzi kofewa, dzina lake amalemba qigong koma potchula amati chigong. Ine tsiku loyamba ndinamva chigongono, ndipo mpaka lero gulu lathu limati tiyeni tichite chigongono. Tai chi ndiye kayendedwe kotalika, phazi ndi dzanja zikutsatana, kusamutsa thupi kuchoka pa mwendo uwu kupita pa uwo mosathamanga.

Pano mvetserani bwino, makamaka inu amene mudakali m'madzi amenewa. Tai chi si mankhwala, ndipo si iyo yokha inandichotsa. Sabata yachiwiri ndinauza Ba Chanda kuti kuyambira mawa sindilawanso. Anakana. Anati munthu womwa tsiku lililonse ngati ine akasiya mwadzidzidzi payekha akhoza kugwa n'kukomoka. Anapempha tsiku ku ntchito, nandiperekeza ku kiliniki. Pamaso pa dokotala ndinayamba kunena kuti ndimamwa pang'ono pa zikondwerero. Ba Chanda anangondiyang'ana. Ndinanena zoona. Anandipatsa mankhwala, anandipima magazi, ananditumiza kwa mlangizi amene ndinkakumana naye kawiri pa mwezi. Masabata oyambawo anali oipa, sindikunamizani. Ndinkasanza, ndinkakwiyira ngakhale nkhuku za eni ake.

Chimene tai chi inandipatsa ndi chochita pa nthawi ya chilakolako. Aliyense wa ife ali ndi ola lake. Langa linali folo koloko masana, dzuwa likafika pa zenera la kukhitchini. Pakhosi pankauma, miyendo inkafuna basi. Ba Chanda anati ola limenelo likafika ndisakangane nalo, ndisakhalenso pansi. Nditulukire panja, ndivule nsapato, ndiime, ndikweze manja pokoka mpweya, ndiwatsitse poutulutsa, mpaka makumi awiri. Ndikamaliza chilakolako chikadalipo, ndiyambirenso. Ndinapeza chinthu chimene palibe anandiuzapo m'zaka zinayi: chilakolako chimatopa. Chimabwera ndi ukali, chimakukoka, koma ukachedwa nacho pang'ono chimafooka n'kupita. Masiku ena ndinkayambiranso kasanu. Tsiku lina ndinayambiranso mpaka mbaula ya nyemba inazima.

Pang'ono ndi pang'ono zinalowa m'zochita zanga zonse. Podikira ketulo kuti iwire ndimaima maondo opinda. Pa mzere wa ku banki ndimasamutsa thupi kuchoka mwendo wamanja kupita wamanzere, palibe amadziwa kuti ndili pa masewera. Basi ikaima pa mdipiti wa magalimoto mu msewu wa Great East, kondakitala akukangana ndi anthu, ine manja ali pamimba, ndikupuma. Posesa pabwalo ndimayenda ndi chiuno, msana sukundipwetekanso. Magetsi akazima sinditukwana monga kale. Ndipo ndikamadutsa pa botolo sitolo ya pa msika ndimamva mapazi anga akuponda pansi, chidendene kenako zala, chidendene kenako zala, mpaka ndadutsa.

Ndinagwanso kamodzi, mwezi wachisanu. Kunali maliro a msuweni wanga, wina anandipatsa kapu kuseri kwa tenti, ndinalandira. Sizinathere pa kapu imodzi. Masiku awiri sindinatuluke m'nyumba chifukwa cha manyazi. Tsiku lachitatu ndinamva kugogoda pa zenera.

"Amake Taonga, mwafa?"

"Ba Chanda, ndamwa. Zonse zapita pachabe."

"Pa tai chi mukataya mwendo mumachita bwanji? Mumayenda kunyumba?"

"Ayi. Ndimaubweza n'kupitiriza."

"Manje valani nsapato. Nichedwa ku nchito."

Tsiku lomwelo ndinakauzanso mlangizi wanga. Kuchokera pamenepo sindinalawenso, ndipo mwezi wathawu zakwana zaka ziwiri.

Anthu a mumsewu ataona kuti amake Taonga alowa nawo za Ba Chanda, nkhani inafika ku tchalitchi. Loweruka lina abusa athu anabwera pabwalo pa Ba Chanda, Baibulo lili m'manja, nkhope yolimba. Anakhala pa mpando n'kuonerera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anafunsa ngati timapemphera kwa winawake. Ba Chanda anati iwo ndi Akatolika, amapemphera kwa Mulungu yemweyo, izi ndi za mafupa ndi mphepo. Abusa anafunsa ngati pali mawu obisika amene timanena. Ndinati alipo, ndi akuti pindani maondo. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati zimathandiza munthu wa khosi louma. Lachinayi lotsatira ndinaimirira pamaso pa amai a chigwirizano n'kuwauza zinthu ziwiri, kuti tiyi wa mu fulasiki uja sanali tiyi, ndi kuti bodza la satana ndinalipeka ndine. Titatuluka, amai awiri ananditsatira mpaka pa siteji ya basi. Mmodzi anati akufunsira mlongo wake. Ndinamuuza kuti mlongo wakeyo abwere Loweruka. Amene anabwera anali mai yemweyo, mlongo panalibe.

Pabwalo pa Ba Chanda panachepa. Tinasamukira pa bwalo la mpira la pafupi ndi msika, sikisi koloko mmawa. Makondakitala akamadutsa amatikuwiza, "Ba mami, mumenya ndani lelo?" Ife timangowakwezera dzanja pang'onopang'ono, iwo n'kufa ndi phwete. Tilipo amai a pa msika, aphunzitsi opuma, bambo wina amene anadwala sitiroko ndipo amachita atakhala pa mpando. Si onse a mowa. Ena ndi a BP, ena ndi a maondo, ena anangotopa kukhala okha m'nyumba. Timaseka kwambiri, mwina kuposa mmene nkhalamba ya ku China ija ikanalolera.

Chinthu chovuta kuposa zonse chinali kupita ku Roma. Ndinagula mbale zadothi, ndinakwera basi, ndinaima pa geti la asewere anga. Dzanja linakana kugogoda. Ndinaika katoni pansi, n'kuima pamsewu pomwepo, manja pamimba, kupuma kakhumi. Kenako ndinagogoda. Atatsegula ndinagwada pa simenti.

"Asewere, ndinakunyozani pagulu, ndinanyoza mwana wanu. Sindibwera ndi chifukwa chilichonse. Ndinalakwa."

 Asewere anati, "Dzukani, asewere. Mawu aja anandipweteka, sindibisa. Koma ndakuonani pa zenera mutaima pamsewu ngati mlonda. Mumachita chiyani?"

Ndinawaonetsa pakhonde pomwepo. Tinamwa tiyi weniweni, ndipo anandiuza kuti mwana wawo wogulitsa matayala uja ndi amene ankauza Taonga kuti asanditaye.

Sindinapemphe Taonga kuti abwere kudzandiona. Ndikuganiza kuti asewere ndi amene anamuuza. Loweruka lina tili pakati pa tai chi, ndinaona galimoto ya mkamwini itaima m'mphepete mwa bwalo. Palibe anatuluka. Ba Chanda anati, "Maso kutsogolo," ndiye ndinapitiriza. Tinafika pa malo paja poima ndi mwendo umodzi. Ndinakweza bondo, ndinakweza dzanja, ndinaima. Titamaliza chitseko chinatseguka, Taonga anatuluka ndi mwana m'manja, n'kuyenda kudutsa bwalo lonse mpaka pamene ndinali.

"Amama, tambasulani manja," anatero.

Ndinatambasula. Anawayang'ana ndithu, monga nesi. Kenako anandiika mwana m'manja n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi. Mwanayo anali atakula, wolemera, wonunkhira mafuta ndi phala. Anandiyang'ana, nagwira duku langa n'kulivula. Gulu lonse linayamba nthungululu, ndi bambo wa pa mpando yemwe. Ine sindinaone bwino chifukwa cha misozi, koma mwana sindinamugwetse. Masiku ano amagona kwanga Lachisanu lililonse, ndipo amadya zonse zimene amake amaletsa.

Kwa inu amene mwabwera lero mutabisa chinachake m'chikwama kapena m'thumba la jekete, sindikuuzani kuti mukhale ngati ine. Pezani munthu mmodzi woti mumuuze zoona, ngakhale amene munkamunyoza. Pitani ku kiliniki musanasiye nokha. Dziwani ola lanu, ndipo likamafika likupezeni muli chiimire, muli ndi chochita. Kwa ine ndi tai chi. Siifuna yunifomu, siifuna nsapato zapadera, siifuna kuti ukhale wochepa thupi, ndine umboni wake. Imangofuna malo okwana mapazi awiri.

Mwezi wa Epulo Ba Chanda anapuma pa ntchito n'kubwerera kwawo ku Kasama. Tsiku lotsanzikana anaima kutsogolo kwa gulu, nandikoka pa dzanja n'kundiimika pamalo pawo. Ndinati sindingathe, ndimaiwalabe mbali ya kumapeto. Anati, "Na ine nimaibala. Mukaibala, pemani, bazaganiza ni mwamene ichitikila." Amandiimbira foni Loweruka lililonse kufunsa ngati maondo a anthu akupindika.

Atsogoleri akundionetsa wotchi kachitatu. Ndamva, abambo. Koma sindinakwere mabasi awiri kuti ndidzangoyankhula. Kankhirani mipando kumbuyo pang'ono, tonse tiimirire. Amene simungathe, khalani pomwepo, muongole msana. Inu achimwene a kumbuyo opinda manja, inunso, palibe akuyang'anani. Mapazi atalikirane ngati mapewa anu. Maondo apinde pang'ono. Manja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno, musathamange.

Tsopano utulutseni.